Makalata Awiri a Nyumba Nambala 14

Panali munthu wina ku Kabwe dzina lake Lazarous, ndipo amene anandiuza akuti izi zinachitikadi. Mgodi utatsekedwa, nyumba za mgodiwo anayamba kuzipereka kwa anthu amene ankagwirako ntchito. Ofesi ina inalemba ntchito Lazarous, atangomaliza koleji ku Lusaka, kuti apange pulogalamu ya pa webu yotulutsa makalata a nyumbazo. Makalaliki anali awiri, aliyense ndi kompyuta yake, koma pulogalamuyo inkakhala pa seva imodzi.

Mayi Josephine a mu ofesimo, omwe anagwira makompyuta a kumgodi zaka khumi, anawerenga zimene analembazo.

"Lazarous, nambala ya nyumba waisunga mu variyebo imodzi, malo amodzi osungiramo a pulogalamu yonse. Imeneyi imakhalabe pa seva, ndipo makalaliki onse awiri akulemba momwemo. Iike mu sesheni, aliyense akhale ndi yake."

"Ba Josephine, nayesa kakhumi. Ikusebenza bwino."

"Wayesa uli wekha."

Lazarous anaseka, osasintha kanthu.

Lachiwiri m'mawa, kalaliki woyamba anatsegula fayilo ya bambo Simeon, nyumba nambala 52, nadzuka kukaika mapepala m'makina osindikizira. Nthawi yomweyo mnzake anatsegula fayilo ya bambo Yoram, nambala 14. Pa seva, 14 inafufuta 52. Woyamba uja atabwerera anangodina batani. Kalata inatuluka ndi dzina la Simeon, nyumba nambala 14. Ya Yoram nayonso inatuluka ndi nambala 14.

Simeon ankapanikizana ndi mkazi wake ndi ana asanu m'chipinda chimodzi ku Nakoli. Masana omwewo anakweza katundu pa wilibala mpaka ku Kasanda, kumene kunali nyumba nambala 14. Pakhomo anapeza Yoram, amene anakhala m'nyumbayo zaka makumi awiri.

"Chokani, nyumba ni yanga. Kalata iyi!"

"Nanenso nili nayo. Iwe wagula yako kwa ndani?"

Simeon anamukankha, nalowa, nayamba kuponya matiresi ndi mapoto panja. Mkazi wa Yoram atamugwira malaya, Simeon anamumenya mbama mpaka kugwa. Yoram anatola chitsulo chobowolera miyala chimene anachoka nacho kumgodi, namukhoma nacho m'mutu kawiri. Simeon anafera pakhonde, ana ake akuona. Yoram anamangidwa tsiku lomwelo.

M'mawa mwake abale a Simeon ndi anzake a kumgodi anafika pa ofesi. Anaswa mawindo, nagwetsa seva pansi, namukokera Lazarous pamsewu.

"Ni kompyuta inalakwisa!" iye analira.

"Kompyuta inadzilemba yokha?" anafunsa Mumba, mng'ono wa malemuyo.

Anamuponda dzanja lamanja ndi njerwa mpaka zala zinathyoka. Mano anayi anatsala m'fumbi. Mayi Josephine anadziponya pamwamba pake, nawonso nthiti ziwiri zinathyoka, apolisi asanawombere m'mwamba.

Patapita sabata, ofesi inatumiza makiyi a nambala 52 kwa mkazi wa Simeon. Nyumbayo inali yopanda munthu, misewu iwiri yokha kuchokera pomwe mwamuna wake anafera. Mayiyo anawalandira, nawaponya m'ngalande.

Phunziro: Musanasunge kanthu mu pulogalamu, dzifunseni kuti ndani winanso angakagwire, ndipo kadzakhalamo mpaka liti. Za munthu mmodzi zikhale mu sesheni yake, osati pamalo a onse. Yesani pulogalamu muli awiri nthawi imodzi, ndipo amene anayamba ntchito inu musanabwere akakuchenjezani, mverani. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene akuphunzira za makompyuta, mwina mupulumutsa moyo wa munthu.