Duku la Pakamwa pa aNasimango

Chaka chimenecho nkhondo ya pachiweniweni inali ndi lamulo lake: asilikali asatsike pachilumba ngati odi wawo sanayankhidwe. Ndiye maboti a miyendo anangoyandama masiku atatu pafupi ndi chilumba cha Mphonde, asilikali akukuwa odi mpaka mawu kusasa.

Nkhawa ya chilumba chonse inali aNasimango, mayi wosaugwira mtima akaputidwa. Amuna awo, aChidzanja, ankawamanga duku pakamwa n'kumamasula nthawi ya chakudya yokha.

Tsiku lachinayi aNasimango akudya, mkulu wa asilikali anakuwa, "Tamva kuti thobwa la aNasimango ndi madzi otsukira mbale."

AChidzanja anadumphira duku, koma mochedwa.

"Tabwera udzalawe, chimutu iwe," anayankha mayiwo.

Maboti anatambasula miyendo. Chilumba chinalandidwa ndithu, koma asilikaliwo anamwa thobwa lonse mpaka kupepesa.