Anapita Kunja ndi Dzina la Msuweni Wake

Panali munthu wina kwa Kuntumanji, dzina lake Medson, mwana wa mayi Dailesi. Nkhaniyi ndi yoona, wokayika akafunse asodzi a pa doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa.

Medson analemba mayeso a Sitandade 8 kawiri osasankhidwa. Masiku amenewo anthu ankati wobwereza akasintha dzina amaoneka watsopano ndipo amasankhidwa msanga. Ndiye amayi ake anapita kwa mlongo wawo, a Jafeti, amene mwana wawo Gerishomo anali atasiyira sukulu mu Sitandade 7 n'kuyamba usodzi.

"Achimwene, dzina la Gerishomo likungokhala m'kaundula wa sukulu. Tibwerekeni dzinalo kuti Medson alembere."

A Jafeti anavomera, koma anati, "Akangosankhidwa alibweze. Mwini dzinali ali moyo."

Medson anasankhidwa, koma dzinalo sanabweze. Ku sekondale konse anali Gerishomo Jafeti. Atakhoza bwino Fomu 4, bungwe lina linamupezera malo ku yunivesite ya kunja, ndipo pasipoti inatuluka m'dzina lomwelo. A Jafeti anamukumbutsa kuti akonze kaye za dzina. Iye anaseka.

"Amalume, izi ndi za mapepala, simungazimve."

Phwando lotsanzikana linachitikira ku Songani. A Jafeti anapereka beseni la mpunga ndi tambala, koma Medson anawauza kuti iwo ndi Gerishomo asapiteko, ati kukubwera alendo a bungwe lija ndipo ma Gerishomo awiri angawasokoneze. Mpunga unapita, eni ake anatsala.

Zaka zinayi zinadutsa. Zithunzi zinkabwera pa foni ya amayi ake: ali m'chipale chofewa, ali m'kalasi ndi azungu, ali pa sitima. Kwa amalume ake zii. Ngakhale pamene akazi a amalumewo anamwalira, sanatumize ndi pepani yemwe.

Chaka chomaliza cha maphunziro ake, m'mawa wina a Jafeti akusoka ukonde, foni inalira.

"Amalume, mwadzuka bwanji? Miyendo ija ikupwetekabe?"

"Zaka zinayi, lero wakumbukira kuti ndili ndi miyendo? Ukufuna chiyani?"

"Palibe amalume, moni chabe."

Patatha milungu iwiri kunabwera jekete ya a Jafeti ndi foni yatsopano ya Gerishomo. Jeketeyo sanaivale. Anaipachika pa msomali n'kumadikira.

Sanadikire nthawi yaitali. Mayi Dailesi anafika ndi pepala lachingerezi ndi kabokosi ka inki.

"Za kusukulu basi. Akuti Gerishomo angodinda chala apa."

Gerishomo, foni yatsopano ili m'thumba, anali atapukuta kale chala pa kabudula. Bambo ake anamugwira dzanja.

"Sukulu ya kunja ikufuna chala cha msodzi? Chitani pang'ono. Aitaneni a Ruth."

Ruth, mkazi wa Gerishomo, anafika Fomu 2. Anawerenga chamumtima, kenako anayang'ana apongozi ake, a Jafeti.

"Werengani mokweza, mayi. Musadumphe."

Pepalalo linkanena kuti msodziyo dzina lake lenileni ndi Medson, ndipo akuvomera kuti pa nthawi yolembetsa ziphaso za unzika anaba dzina la msuweni wake wa kunja, Gerishomo, mwana wamasiye wa malemu Jafeti amene anamira pa nyanja ya Chilwa.

"Wa malemu ndani?"

"Jafeti, bambo."

Apa m'pamene zonse zinaululika. Pasipoti ya Medson inali kutha, ndipo popanda yatsopano sakanaloledwa kukhalabe m'dziko lija. Kuti apeze yatsopano pankafunika chiphaso cha unzika, koma dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi bambo, zonse Gerishomo weniweni anali atazilembetsa kale ndi zala zake. Nalo bungwe lija linamutenga chifukwa analemba kuti ndi wamasiye. N'chifukwa chake ku Songani sanafune kuti malemu aoneke akudya mpunga.

A Jafeti anauza mlongo wawo kuti amuimbire Medson.

"Amalume, mvetsani. Kwatsala miyezi inayi ndimalize. Gerishomo dzina amalifunira chiyani? Matemba safunsa chiphaso."

"Ukwati wake ku tchalitchi unalembedwa m'dzina limenelo. Ana ake atatu anabatizidwa m'dzina limenelo. Akadinda apa n'kumangidwa ngati wakuba, iwe ubwera kudzamutulutsa?"

"Samangidwa amalume, ine malamulo ndimawadziwa. Tamuuzani adinde, amakumverani inuyo."

"Andimvera bwanji? Ine ndinamira. Wandimiza ndiwe."

Anadula foni. Anatsitsa jekete pa msomali, Gerishomo naye anatulutsa foni ija, n'kupereka zonse kwa mayi Dailesi pamodzi ndi pepala lawo losadinda. Mayiwo analira, anati mlongo wawo ndi wanjiru ndiponso mfiti. Ophunzira a m'mudzimo nawo ankati mkuluyo ndi mbuli yotsekereza mwana. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti munthu amamva bwanji kuwerengeredwa imfa yake ali pakhonde pake.

Pasipoti inatha. Pofufuza chifukwa, yunivesite ndi bungwe lija anadziwa zonse, ndipo Medson anabwezedwa wopanda digiri. Lero ali kwa amayi ake, akudikira kuti za dzina zikonzeke. Satifiketi ya Fomu 4 ili m'sutikesi mwake, koma dzina lili pamenepo ndi la munthu amene m'mawa uliwonse amapalasa bwato pa Kachulu. Akakumana ndi amalume ake panjira amapereka moni. Iwo amangoti, "Ndadzuka, ndili moyo," n'kupitirira.

Phunziro: Inu opita kukaphunzira kunja, pitani ndi dzina lanu ndipo musaphe abale anu pa pepala kuti akumvereni chisoni. Inu otsala kumudzi, wachibale amene wakhala chete zaka zambiri akayamba mphatso, funsani chimene akufuna, ndipo musadinde chala pa pepala limene sanakuwerengereni mokweza. Tumizani nkhaniyi kwa makolo onse, makamaka amene anabwereketsapo dzina la mwana wawo.