Kachimfine ka Amayi

"Bambo, amayi anga ali pa okosijeni ku Zomba, ine ndikakwere sitima yapamadzi kukaona nsomba?" Zelipa anakalipira mkulu wa kampani ya inshulansi pafoni, ali chiimire podikirira basi ku Brampton, kunja komwe ankagwira ntchito.

Ulendo wokasangalalawo anaulipira atasambitsa nkhalamba za eni miyezi isanu ndi itatu. Tsopano tikiti ya ndege yothamangira kumudzi inkadalira kuti a inshulansi abweze ndalamayo.

"Timabweza ngati matenda ayamba mutagula kale inshulansi," anatero mkulu wa kukampaniyo. "Tumizani mapepala."

Zelipa anaimbira mlongo wake Yotamu. "Jambula buku la amayi la kuchipatala, tsamba lililonse."

"Lonse, achemwali?"

"Ndayankhula Chifalansa kodi?"

Zithunzi zitangofika, anazitumiza osawerenga n'komwe.

Mkulu uja anaimbanso, mawu atafewa. "Pepani mayi, sitibweza. Khansayi anaipeza chaka chatha, musanagule."

Khansa? Lamulungu lililonse pafoni amayiwo ankangoti n'kachimfine!

Anaimbanso kumudzi. "Yotamu, chaka chathunthu mukundibisira?"

"Anatiletsa okha, achemwali. Ankati munthu wakunja ukamuuza za matenda, umangomuwonongetsa ndalama."