Mpando wa a Jere

Mtima wa Alfonsi unali m'mwamba pamene a Israel Jere ankalowa m'nyumba mwake ku Nabvutika. Mkuluyu anali malume wa Lovemore, mnyamata wofuna kukwatira Tamiwe, mwana yekhayo wa Alfonsi. Khalidwe lawo linkadziwika Chipata yonse: mawu akangowaipira, ankaimirira, kusasa thalauzi, n'kumapita. Maukwati angapo anafera pa kuimirira kwawoko.

Tsono Alfonsi anakonzeka mwachamuna. Anatola mipando yogwedera pa msika wa Kapata, anaikhoma misomali, anaipala ndi phale la botolo, n'kuipaka penti yobiriwira yotsala pa geti la anansi. Waukulu wokhala ndi manja, wa mlendo wolemekezekayo, anauwonjezera penti ina mosaumira mpaka munthu n'kumadziona nkhope.

A Jere anauyang'ana, anagwedeza mutu, nakhala.

Nkhani inayenda bwino mpaka pofika pa za tchalitchi. Sesiliya, mkazi wa Alfonsi, amene pakamwa pake sipakhala chitseko, ananena mosapsatira kuti ukwati ukadalitsidwira ku Katolika, osati ku mpingo wa a Jere. Kuseri kwa katani Tamiwe anayamba kusisima. A Jere anagwira manja a mpando, mitsempha ya m'khosi inatuluka, maso ali psuu. Alfonsi anatsinzina kuti asaone tsoka la mwana wake.

Potsegula maso, mkulu uja anali chikhalire.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Pitirizani."

Sesiliya ataona choncho anachita kudyerera. Anati ana adzabatizidwa ku Katolika. A Jere anavomera. Sesiliya anatinso kwaya idzakhala yakwawo, ndipo mwana woyamba adzatchedwa dzina la malemu bambo ake. Anavomeranso. Dzuwa linapendeka, zonse zinamangidwa, alendo ena amene anabwera ndi a Jere anatsanzika n'kutuluka, koma a Jere osasuntha. Alfonsi misozi inalengeza m'maso. Sanadziwe kuti ntchito ya manja ake ingafewetse munthu wouma mtima chotere.

Atatsala awiri, a Jere anamukodola.

"Bambo a Tamiwe, mpando uno mundipatse."

Alfonsi anavomera ndi mtima wonse, nati awanyamulira mpaka kumsewu.

"Musavutike. Mungonditsegulira khomo lakuseri."

Anatuluka chowerama, manja onse ali lende, mpando utakanirira ku thalauzi, miyendo yake inayi italoza m'mbuyo.