Kadzuwa ka pa Botolo

Chala cha azakhali chinaima kuseri kwa khutu la mtsikanayo. Kachilonda ka mwezi watha kaja kanali pomwepo, katakula ngati batani la malaya, m'mbali mwake mutauma gwa.

"Mwasiyiranji kundidzoza?" anafunsa mwana wa mchimwene wawoyo, chipewa cha kuntchito chili pamwendo. Anabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo ntchito yake inali kuima pamsewu umene ukukonzedwa, kukupiza mbendera yofiira mpaka dzuwa kupendeka.

"Ndikusirira makutuwa. Ngati a agogo ako, omva miseche ya nyumba yachitatu."

Mtsikanayo anaseka. Azakhali, amene amaseketsa anthu ngakhale pamaliro, sanaseke nawo.

Mafuta odzolawo anasankha okha m'sitolo. Zilembo zimawavuta, koma kadzuwa kojambulidwa pabotolopo anakaona bwinobwino, kakumwetulira. Wogulitsa anati amateteza ku dzuwa. Sananene kuti dzuwa lake liti, la munthu wodutsa pabwalo polowa mu ofesi, kapena la woima paphula tsiku lonse thukuta likutsuka zonse.

Panja lole ya kuntchito inaliza hutala.

"Chapola, eti azakhali?"

"Lero usapite, mwanawe. Tiye kuchipatala."

"Ndikajomba aikapo wina. Inunso mukudziwa."

Hutala inaliranso. Azakhali anayang'ana kadzuwa kaja, kadakamwetulirabe kopanda manyazi. Anafinyira mafuta pachikhatho, n'kumupaka khosi, masaya, mphuno.

Pachilondapo chala chawo chinangozungulira.