Chisoti cha Tambala

Nthano iyi anandiuza alamu anga a Nangondo tikumenya nyemba pabwalo, Mulungu awasunge. Iwo anati padangokhala, ine ndinati tili limodzi.

Chaka china cha njala, Tambala ndi Nkhanga anakangana kuti mfumu ya pakhomo ndani.

Tambala anati, "Chisoti chofiirachi anandiveka ndi Mulungu. Ngakhale dzuwa silituluka ndisanalire."

Nkhanga anaseka. "Achimwene, kanyama kolendewerako? Ine anandiveka nyanga yolimba, madontho awa anandilemba ndi chala chake."

Thadzi, amene anapiye ake anali kulira ndi njala, anati, "Abambo inu, tsiku lokuvekanilo ife kunalibe. Wopezera anawa chakudya ndiye timugwadire."

Nkhanga anathamanga napeza chiswe pansi pa chipika chowola. Anati, "Zoyamba amalawa ndi mfumu." Analawa, nalawanso, mpaka chiswe chinatha.

Tambala anapalasa kudzala mpaka zala kuwawa, napeza mphutsi imodzi yonona. Anaitola, naigwetsa, naitolanso, kenaka anaitana, "Ko-ko-ko!" Anapiye anathamangira, iye naima pambali akumeza malovu.

Thadzi anagwada. "Za dzuwa zija mumanama, bambo, limatuluka ngakhale muli ndi chimfine. Koma ufumu tengani."

A Nangondo anapukuta thukuta ndi chitenje nati, "Alamu, ine sindikana kuti chisoti amaveka ndi Mulungu. Koma taonani pamene amachiika, pamwamba pa mlomo wodziwa kuitana ana. Tandipatsirani lichero."