Maola awiri patsamba 9

"Wabwereranso 2 uja," anadandaula Mayi Bolopeni, owerenga zolakwika pakampani ya nyale za sola. "Nyalezi amazitchaja maola 12, osati awiri. Ndakonza katatu m'buku lokasindikiza, koma kukacha ndimampeza ali phee."

"Mukukolopa pansi denga likudontha, mayi," anayankha katswiri wa makompyuta, osadzutsa mutu. "Pano buku ndi tsamba la pa intaneti zimatuluka m'fayilo imodzi. Ndikadina batani, zokonza zanuzo zimafufutika. Kakonzeni m'fayilomo. Ine mawu sindikhudza."

Mayi Bolopeni anayesa, koma fayiloyo inawakana. Dzina lawo linali litachotsedwa kale, poti ntchito yawo yofananiza buku ndi tsamba inkatha Lachisanu. Analembera bwana kakalata. Bwanayo anakhazikapo kapu ya tiyi.

Lachisanu bwana anaponya buku latsopano patebulo lawo.

"Mukandipezera pamodzi pokha pamene bukuli lasiyana ndi tsamba la pa intaneti, ntchito ndi yanube."

Mayiwo anawerenga mzere ndi mzere, chala pabuku, diso pakompyuta, mpaka maso anachita kuyabwa.

"Bwana, patsamba 9 pali cholakwika."

"Mayi inu, ndafunsa za kusiyana. Zasiyana?"

Anayang'ananso. M'buku, maola awiri. Pa intaneti, maola awiri.

"Sizinasiyane, bwana."

"Mwaona nokhatu! Aka n'koyamba chiyambire kampani ino."

Mayiwo anatseka bolopeni yawo yofiira n'kuiponya m'chikwama. Pakhomo anaima kaye pambali, kupatsa njira onyamula makatoni a mabuku.